Kiyi wa Mizere Itatu

Ana anga, Chifundo ndi Tamanda, nonse awiri mwandifunsapo za kiyi wamkuwa amene amakhala pamwamba pa wailesi ya kanema pabalaza pano. Iwe Tamanda, utabwera kuchokera ku Joni chaka chatha, unamuyesa pa zitseko zonse mpaka cha kubafa, ndipo atakana unati bambo ako ayamba kututa zinyalala ngati khoswe. Sindinakuyankhe, chifukwa si nkhani yokamba munthu ali chiimire, chikwama chili kumanja. Kiyi ameneyu anadula ndi a Juwawo, mnzanga wa pamtima, amene ine ndinawamangitsa ndi pakamwa pangapa. Za ubwana wanga ndazidumpha, mulibe kanthu koposa mbuzi ndi matekenya. Ndiyambira pamene ndinagwira tupa koyamba.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, m'tauni

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza, ndinaipeza pa sitolo ina ya maloko pakati pa tauni ya Blantyre. Eni ake anali Amwenye ena aafupi, osadziwa kuseka, amene tonse tinkangowatchula kuti abwana. Kutsogolo ankagulitsa maloko ndi masefa, mabokosi achitsulo aja osungiramo zinthu za mtengo wapatali. Kuseri kunali kachipinda konunkha oyilo, ndipo wolamula m'menemo anali Che Saidi, mdala wa ku Mangochi amene anatiphunzitsa ntchito. Tsiku loyamba anandiyang'ana zala ngati akugula nkhuku, kenako anati: "Malamulo anga ndi awiri basi. Loyamba, sutsegula loko mwini wake palibe. Lachiwiri, sudula kiyi poonera pa sopo. Munthu akabwera ndi sopo, umuuze akasambire." Ndinaseka, iwo osaseka. Pambuyo pake ndinamva kuti mbava zimadinda kiyi wa eni pa chidutswa cha sopo, n'kupita nacho kwa mmisiri wadyera kuti adule wina wofanana naye.

Mwezi womwewo analembedwanso a Juwawo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, mbali ya ku Milanje, n'kudzakhazikika ku Mbayani. Iwo anali Akatolika, ine wa Chipulesibateriya, ndipo ankandinena kuti kutchalitchi kwathu timaimba ngati anthu amene akudikira basi. Ndilembe pano chimene sindinavomere pa zaka zonse zija: dzanja lawo linkaposa langa kutalitali. Ine ndinkadula kiyi ndi maso, kuyeza ndi kuyezanso, pomwe iwo ankangopapasa ndi chikhadabo, tupa n'kuyamba kuimba. Analinso ndi kachizolowezi kawo. Akamaliza kiyi aliyense ankalemba timizere titatu pakhosi pake, mbali imodzi yokha. Mayi awo anali osaona, ndiye anayamba kuwachitira zimenezi kuti azidziwa ndi chala mbali yoyang'ana kumwamba polowetsa kiyi. Kenako dzanja linazolowera, moti ankatero ndi kiyi wa aliyense. Che Saidi anadandaulapo kuti akuwathera tupa ndi zokongoletsa, koma anangowasiya.

Zaka za m'ma 1980, ku Limbe

Che Saidi atapuma, abwana anatsegula nthambi ku Limbe n'kutitumizako awiriwa. Ukapitawo anandipatsa ine, osati chifukwa cha luso, koma chifukwa ndinkalemba zooneka bwino. Zimenezo zinali zaka za kusowa. Nkhondo ya ku Mozambiki itadula njira ya sitima, katundu wa kunja anasiya kufika, ndipo makiyi osadula amene tinkadalira anatheratu. Tinayamba kuyendayenda kwa ogulitsa zitsulo zakutha kufunafuna mipopi yakale yamkuwa. Tinkaiphwanya, kuisalaza, kuicheka, mpaka itasanduka makiyi. Ntchito ya mphindi zochepa inkatitengera m'mawa wonse, ndipo m'manja mwathu munachita zikang'a.

M'zaka zomwezo abwana anabweretsa wailesi ya kanema ndi makina a vidiyo kuti agulitse, koma panalibe wogula. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, moti chinthucho chinali bokosi chabe ngati sunachidyetse tepi. Atatopa nacho anachikankhira kuseri kwathuko pamodzi ndi katoni ya matepi akale a ku Amereka. Loweruka tinkaweruka masana. Tikatseka chitseko cha kutsogolo tinkagula chinangwa chokazinga, n'kukhala pa benchi, iwo kumanzere ine kumanja, mpaka dzuwa litapendeka.

M'katonimo munali mafilimu a mitundu iwiri, ndipo aliyense anasankha mtundu wake. Anga anali a mbava za masuti, amuna aulemu wawo amene amayala mapu patebulo n'kugawana ntchito, uyu ayendetse galimoto, uyu adule mawaya, uyu atsegule sefa. Ine sindinkaonera ngati munthu wofuna kutsuka m'maso ayi, ndinkaonera ngati woyendera ntchito. Mzungu akaika pa sefa kachipangizo ka dokotala komvera mtima, n'kutsegula asanameze ndi malovu omwe, ndinkadzuka pa benchi. "Bodza!" ndinkakuwa. "Sefa imeneyo ine inanditengera masiku awiri!" A Juwawo ankakonda a makauboyi oseketsa: munthu wa chipewa chachikulu kukwera hatchi choyang'ana kumchira, wina kugwera m'chomwera cha mahatchi, ndewu kubuka m'bala mipando n'kumathyoka woimba limba ali phee kupitiriza nyimbo yake. Chizungu cha m'mphuno chija tinkangotolapo pang'ono, ndiye iwo ankawayankhulira anthuwo m'Chinyanja chosakaniza ndi Chisena, hatchi yomwe ankaipatsa mawu ake. Ankaseka mpaka kutsokomola, uku akundimenya pa bondo.

Tsiku lina titakangana za tepi yoti tiike, anati: "Amwene, mafilimu anuwa ine amandidwalitsa mtima. Anthu agwira ntchito yabwinobwino limodzi, koma pomaliza pamapezeka mmodzi wogulitsa anzake. Nthawi zonse! Anga aja munthu amagwa pa hatchi, kudzuka, kusasa fumbi, nkhani yatha." Ine ndinavomereza kuti wogulitsa anzakeyo ndi amene ndimadana naye kuposa apolisi a m'filimumo. Ndinalankhula motsimikiza, chinangwa chili m'kamwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chaka cha mlandu

Nkhondo itakula, abale a a Juwawo othawa kwawo anadzaza nyumba yawo ku Mbayani, ena kugona kukhitchini, ena pakhonde. A Juwawo anasiya kubwera ndi kamba wa masana, akuti m'mimba simukufuna. Kuseka kuja kunayamba kufupika. Ndinaziona zonsezi, koma sindinafunse, poganiza kuti mwamuna mnzako sumuvula pagulu. Lero ndikuona kuti kunali kuuma mtima kovala jekete la ulemu.

Lolemba lina m'mawa, iwo atapita kukaika loko ku nyumba ina ku Mandala, kunabwera abwana ndi apolisi awiri. Nyumba yosungiramo nsalu ya kasitomala wathu wina ku Limbe komweko inali itatsegulidwa, mabelo n'kutengedwa, popanda chothyoledwa. Loko wake tinaika ndife. Mbavazo pothawa zinasiya kiyi ali pa loko pomwepo, ndipo mlonda wa pamalopo, mkulu wina wa imvi amene anatipatsa tiyi tsiku lomwe tinkaika lokoyo, anali kale m'chitokosi. Wapolisi wamkulu anaika kiyiyo pa benchi langa. "Abwana anu akuti inu mumadziwa manja a amisiri onse a m'tauni muno," anatero. "Tiuzeni wadula ameneyu." Ndinamunyamula. Anali wa mkuwa wa mpopi, wosalala bwino. Maso anga asanaone kanthu, chala changa chachikulu chinali chitapeza kale timizere titatu pakhosi pake.

Ndinawauza kuti ndikufuna kumuyang'ana bwino pa galasi, ndipo iwo anapita kutsogolo kukamwa tiyi ndi abwana. Ndinatsala ndekha. Ndinamanga kiyiyo pa vayisi, chitsulo chopanira kiyi podula, tupa ali m'manja. Kukhwekhweretsa kanayi kokha timizereto tikanafufutika, ndipo palibe akanadziwa. Ndinaima pamenepo, kumbuyo kwanga kuli kanema uja, m'makina muli tepi ya makauboyi imene tinaisiyira pakati Loweruka. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinaganizira mlonda wosalakwa uja, ndipo n'zoona, ndinamuganizira. Koma kwa inu ana anga ndinene zonse. Ndinalinso ndi mantha. Amisiri odula makiyi a mipopi tinalipo awiri okha, ndipo dzina likanapanda kutuluka akanatitenga tonse. Iwe Chifundo unali kusukulu ya pulaimale, Tamanda ali kumsana. Ndinaika tupa pansi. Apolisi atabwerera, ndinatchula dzina.

A Juwawo anafika masana, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Anayang'ana apolisi, anayang'ana kiyi pa vayisi, kenako anayang'ana ine. Sanakane, sanakalipe. Anatula chikwamacho pa benchi n'kunena kuti: "Amwene, loko wa ku Mandala ndamaliza, koma chitseko chake n'chokhota, mukawauze eni ake." Atatero anapereka manja. Kukhoti zinadziwika kuti munthu wina anabwera kwawo ndi sopo, iwo n'kudula. Mlonda anamasulidwa, iwo analowa ndende. Abwana anandigwira chanza, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo ndinamva ngati ndagwira chule.

Kundende sindinapiteko. Atatuluka, ku Mbayani sindinapondeko. Mayi anu ankandiuza kawirikawiri kuti: "Bambo a Chifundo, pitani mukawaone anzanu aja. Ngakhale akakutukwanani, makutu sadzathothoka." Ine ndinkati mawa. Manyazi ndi matenda oipa, amakula ukamawabisa. Mawa ameneyo anatha zaka zoposa makumi atatu.

Kuchokera pamene ndinapuma ntchito, ku Chilobwe

Kanema atayamba kuulutsidwa m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndinali mmodzi wa oyamba kuimika mlongoti padenga m'dera lathu lino. Patapita zaka zingapo makina odulira makiyi anadzaza m'misika, maso anga nawo anayamba kuchita chifunga, ndipo ndinapuma. Masiku oyambawo sanali oipa. Mayi anu ankakhala pambali panga akusenda nandolo, ine n'kumakuwa "bodza" wanga uja, iwo n'kumati: "Mukukangana ndi azungu oti sakukumvani, ena mwa iwo anafa kalekale." Atatisiya, nyumba ino inakula mwadzidzidzi. Sindinkadziwa kuti firiji imalira chonchi.

Dishi imene unandigulira iwe Chifundo ili ndi tchanelo choonetsa mafilimu akalekale masana, omwe aja a m'katoni ya abwana ndi anzawo. Ndi amene ndimacheza nawo. Ndikadya, ndikatsuka mbale yanga imodzi, ndimakhala pampando n'kuyamba kuyendera ntchito ya mbava za masuti. Magetsi akazima pakati pa filimu ndimakhalabe pomwepo, kuyang'ana nkhope yanga pa galasi lakuda. Inu mumaimba foni, sindikukana, koma mumaimba muli pa liwiro, ndipo ndikati ndiyambe kufotokoza za sefa ya dzulo ndimamva kuti maganizo anu ali kale kwina. Sindikukudandaulani. Ndikungonena kuti ndimasungulumwa, popeza pafoni ndimati ndili bwino.

Panali zinthu ziwiri zimene sindinkatha kuonera. Filimu ya mbava ikafika pamene wogulitsa anzake uja akulowa pa polisi, ndinkadzuka kukatereka tiyi. Ya makauboyi ikangoyamba, ndinkasintha tchanelo. Tsiku limodzi lokha ndinaiwala. Munthu wina anagwera m'chomwera cha mahatchi chipewa n'kutsala chikuyandama, ine n'kuphulika kuseka, n'kutembenukira kumanzere kuti ndione mnzanga. Kunali mpando wa mayi anu, nsalu yawo yoluka ili pomwepo. Kuseka kwa munthu mmodzi m'nyumba yopanda anthu kumamveka ngati kwa wamisala, ndipo ndinathimitsa kanemayo mpaka mawa lake.

Zaka ziwiri zapitazo, ku Mbayani

Anaphiri, oyandikana nawo nyumbawa, anabwera tsiku lina ndi kiyi wa kabati yawo kuti akuvuta kuzungulira. Nditangomugwira, chala changa chinapeza timizere tija. Ndinawafunsa kumene anadulitsa. Anati kalekale, kwa mdala wina amene ankakhala pansi pa mtengo pamsika wa ku Mbayani, koma anamva kuti anasiya chifukwa maso anafa. Ndinakhala masabata atatu ndikupeza zifukwa: mvula, bondo, minibasi zodzaza. Loweruka lachinayi ndinavala jekete, kukwera minibasi mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi kutsetserekera ku Mbayani. Amayi ogulitsa makala anandilozera kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo.

Chitseko chinali chokhoma ndi loko wa kunja. Ndinati ndibwerere, mtima n'kukhala ngati wapepuka, koma ndinamva kutsokomola m'kati. Ndinaodira pawindo.

"Ndani?"

"Ndine Layisoni."



"Layisoni wake uti? Wa bodza uja?"

Anafika pawindo akupapasa khoma. Anali atatha, tsitsi lonse mbuu, maso otuwa ngati a mayi awo. Anandifotokozera kuti mwana wawo Rozina amawakhomera akamapita kukagulitsa kumsika, chifukwa anthu ankalowa n'kumanyamula zinthu iwo akumva. "Koma inu si wa maloko?" anatero. "Tsegulani, amwene." Ndinati mwini wa loko palibe. Anaseka kaphwete. "Mpaka lero mukuopa Che Saidi? Anthu anaola kalekale amenewo!" Choncho tinacheza momwemo, amisiri awiri a maloko, wina kunja wina m'kati, chitseko chili chokhoma.

Ndinagwira zitsulo za pawindo n'kunena kuti ndabwera kudzapepesa. Iwo anapukusa mutu. "Mupepese chiyani? Anadula kiyi ndine. Sopo uja ndinamuona ndi maso angawa, nthawi imeneyo n'kuti akugwira ntchito. Pomaliza ndinadziuza kuti Juwawo, usaike mizere. Ndinadzazindikira dzanja litamaliza kale, ndipo mwini sopo anali ataima pakhomo." Kenako anapitiriza: "Dzina langa munatchula lija silinandiwawe kwambiri, amwene. Ndikanakhala ine mwina ndikanateronso. Chinandiwawa n'chakuti Loweruka linkafika kundende, linkafikanso kuno, inu osaoneka." Ndinalira, ana anga, pawindo la eni, ana a sukulu akudutsa.

Rozina anali ndi kawailesi ka kanema kakang'ono. Ndinakasakasaka madisiki a makauboyi kwa mavenda ku Limbe, ndipo Loweruka lotsatira ndinanyamula kamakina kanga koonetsera m'jumbo. Tsiku limenelo Rozina anajomba kumsika kuti anditsegulire, koma Loweruka ndi tsiku la malonda, sakanatha kumatero sabata iliyonse. A Juwawo anandituma kuti ndibweretse tupa ndi kachidutswa ka mkuwa. Kavayisi kawo kakale anali nakobe pansi pa bedi. Anatenga kiyi wa Rozina kudzanja lamanzere, n'kumamuwerenga ndi chikhadabo, lamanja likudula. Ine ndinangokhala manja lende kuonerera. Anatha masana onse, ndipo pomaliza ndinamva tupa akulira katatu, mofupika. Kiyiyo anatsegula ulendo woyamba. "Eni ake akupatsani okha," anatero, "tsono Che Saidi agone mu mtendere."

Kuyambira pamenepo ndinkadzitsegulira ndekha. Tinkakhala iwo kumanzere ine kumanja, ndipo ntchito yofotokoza inagwera ine. "Tsopano wakwera hatchi choyang'ana kumchira," ndinkatero, iwo n'kuyamba kuseka munthuyo asanagwe n'komwe, dzanja likufunafuna bondo langa. Ankandinena kuti sindidziwa kuyankhulira hatchi. Tsiku lina anati: "Lero ikani ya mbava zanu zija, ndalakalaka kumva bodza." Ndinaika, ndipo ndinakuwa mokwanira. Koma itafika pamene wogulitsa anzake akukwera masitepe a polisi, mawu anandithera. Munalibe tiyi woti ndikatereke. Iwo anadikira, kenako anandigunda ndi chigongono. "Musasiye, amwene, nenani chikuchitika. Ameneyo mwina nayenso ali ndi ana kunyumba." Ndinafotokoza mpaka kumapeto, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione mmene mafilimu amenewa amathera pa malo amenewo.

Kiyi ameneyu ndinatsegulira kasanu kokha. Loweruka lachisanu ndi chimodzi nditakhota pa chigayo, jumbo ili m'manja, ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Sindinafunse kuti maliro ndi a ndani. Anamwalira Lachinayi, ndipo Rozina analibe nambala yanga, chifukwa pa kucheza konse kuja palibe anaganiza zoti idzafunika. Patapita mwezi Rozina anasamukira kwa azakhali ake, eni nyumba n'kusintha loko.

Masiku ano Loweruka masana sindisinthanso tchanelo. Ndimaika makauboyi, n'kumafotokoza mokweza kuti uyu wagwa, uyu wadzuka, uyu akusasa fumbi. Anaphiri anabwerapo kudzasuzumira, kuyesa ndalandira alendo. Kiyiyo satsegulanso chitseko chilichonse m'Blantyre muno, koma musadzamutaye pamodzi ndi manyuzipepala anga.

Pa Khirisimasi ndinakupatsani aliyense kiyi wa nyumba ino, ndipo munangowaponya m'zikwama osawayang'ana. Ndinadula ndekha, ndi maso achifungawa, kuchokera ku mpopi wakale wa kubafa. Mukapeza mpata muwatulutse, mupapase pakhosi pake ndi chala. Loko sindinasinthe, ndipo Loweruka ndimakhala ndilipo.